Kodi ndingapeze kuti ndalama zokonzera nyumba yanga yoyamba ya lendi?

Akuluakulu ndi abale nonse, ndikupempha nzeru kwa inu amene munakonzapo nyumba yochititsa lendi muno mu Lusaka. Ndinagula nyumba ya zipinda zitatu ku Mtendere, koma ndalama zambiri zinathera pogulapo, ndipo zotsalazo sizingakwanire malata atsopano, pulasitala, chimbudzi cha madzi ndi mita yakeyake ya magetsi ya ZESCO.

Chimene chikundivuta kwambiri n'chakuti ndili ndi occupancy licence (chilolezo chokhala pamalopo) ya khonsolo ya zaka 30, osati title deed (chikalata cha umwini). Kodi Zambia National Building Society kapena banki ina imalandira chikalata chotere ngati chikole? Ndaganizanso zotapa 20 peresenti ya ndalama zanga za penshoni ku NAPSA, monga lamulo linalolera mu 2023, koma mtima ukukana chifukwa mwayiwu ndi wa kamodzi kokha ndipo ndalamazo ndi za paukalamba. Kaloba (ngongole ya katapira) sindikumufuna n'komwe, ndipo chilimba chathu (gulu losonkherana ndalama) chimapereka zochepa.

Kodi n'kwanzeru kukonza denga ndi chipinda chimodzi mvula ya Novembala isanayambe, n'kulowetsamo munthu kuti lendi yake izimalizitsa zotsalazo? Nanga inu amene munalola wolowa m'nyumba kukonza yekha n'kumadula pa lendi, munalemberana motani?