Khonsolo ya Chipata ichirikize msonkho wa utsi?

Wa ku Kapata: Anzanga, tinali kukangana dzulo pamsika. Wina akuti makhansala athu alembere boma kuti achirikiza msonkho wa kaboni wa dziko lonse, woti aliyense wotulutsa utsi wambiri azilipira. Ine ndimayendetsa takisi, ndipo carbon tax, msonkho wa utsi wa galimoto, ndimalipira kale ku RTSA, bungwe loona za magalimoto pamsewu, malinga ndi kukula kwa injini. Ndiye winanso wa chiyani?

Amayi a ku Katete: Achimwene, chilala cha 2024 mwaiwala? A Hichilema anachita kulengeza kuti ndi tsoka la dziko. Chimanga chinapserera chisanamasule, madzi ku Kariba anatsika, magetsi osayaka tsiku lonse, tonse tinathamangira makala. Ine ndivomera, koma ayambe ndi migodi ndi mafakitale a simenti. Mayi wowotcha chimanga pa mbaula amusiye.

Mlimi wa ku Mambwe: Khonsolo ilibe mphamvu yokhazikitsa msonkho wotere, ndi ntchito ya Nyumba ya Malamulo. Makhansala angangopereka mawu. Akapereka, anene kuti gawo lina libwerere kuno, monga zimachitikira ndi CDF, thumba la boma la chitukuko cha m'madera a aphungu. Kwathu taona ndalama za kaboni zikufika m'madera a mafumu kudzera ku COMACO, bungwe lothandiza alimi kusamalira chilengedwe, chifukwa chosunga mitengo, ndipo ena asiyadi kutentha makala.

Wa ku Kapata: Zobwerera kunozo ndagwirizana nazo, akulu. Koma akaika msonkhowo pa dizilo, mtengo wopita ku Mwami ukwera mawa lomwe, ndipo adzalipire ndi inu nomwe, amayi.