Mdzukulu wanga akufunsa za a Kaunda: ndimuuze zonse kapena zaulemu zokha?

Ambuya a ku Chilenje analemba:

Abale anga, mutu umodzi susenza denga, ndithandizeni maganizo. Ndikulera mdzukulu wamwamuna amene ali mu Giredi 7. Potseka sukulu aphunzitsi anawapatsa ntchito yoti alembe pa holide: moyo wa a Kenneth Kaunda, pulezidenti woyamba wa Zambia, maulemu amene analandira, ndiponso chifukwa chake pa 28 Epulo dziko lonse limapuma. Ine ndimasoka zovala pakhonde pangapa, kulemba si ntchito yanga, koma ndinati mwanayu asangokopera za pa foni. Loweruka ndinavundikira makina, tinayenda wapansi mpaka ku nyumba nambala 394, kuno kwathu ku Chilenje, kumene a Kaunda ankakhala kuyambira 1960 mpaka 1962.

Mwanayo anadabwa ndi kuchepa kwa nyumbayo. Anazungulira m'zipinda, kuyang'ana mipando ndi ziwiya, n'kundifunsa kuti, "Ambuya, ana onse aja ankagona pati?" Ndinaseka, ndinati monga mmene ife timagonera. Koma titatuluka panja anaima pa Land Rover ya a Kaunda yakupsa ija, dzimbiri lokhalokha, akuisuzumira m'kati. Ndiye anati, "Anaitentha ndi azungu eti?"

Pakamwa panandiuma. Galimoto ija sanatenthe azungu. Inapsa pa chipolowe cha ufa mu Juni 1990, ndipo anthu ake tinali ife tomwe a m'makomboni a Lusaka. Ine sindinagwire machesi, ndinali ndi khanda kumsana, amayi ake a mwana yemweyu. Koma mtima wanga tsiku limenelo unali pamodzi ndi amene ankaponya miyala. Ufa unali utakwera kuposa kawiri. Tinali titatopa ndi kudzuka tambala asanalire kukaima pamzere wa saladi, shuga ndi sopo, kusiya chitini kapena mwala kuti ukusungire malo, kufika kutsogolo n'kumva kuti zatha. Makuponi a ufa ndinkawamanga pa nsonga ya chitenge ngati mankhwala.

Pa 31 Okutobala 1991 ndinavotera a Chiluba, amene ankapikisana ndi a Kaunda. Kwathu ku Katete atate anga atamva, anakhala chaka chathunthu osandilembera kalata, chifukwa kum'mawa konse kunaima ndi a Kaunda. Koma pa 17 Juni 2021 wailesi italengeza kuti a Kaunda amwalira ku chipatala cha Maina Soko, ndinakhala pansi pakhondepo n'kulira ngati ndataya kholo langa. Mpaka lero sindimvetsa bwino kuti misozi ija inachokera kuti.

Funso langa ndi ili: mwana wa zaka 12 ndimuuze zonsezi? Kapena ndingomuuza za mpango woyera umene ankakupiza, bwalo la ndege la dzina lawo ndi holide, zinazo adzazipeza yekha akakula? Tsiku lija ndinangomuuza kuti tiye kunyumba dzuwa lakula, ndipo zikundipweteka kuti ndinamuzemba.

Mphunzitsi wopuma, Matero:

Mlongo wanga, muuzeni zonse, koma muyambire poyambira. Mukayamba ndi mizere ya saladi mwanayo aganiza kuti munthuyu anabwera kudzatisautsa. Ayambe wadziwa kumene anachokera.

Anabadwira ku Lubwa Mishoni, m'boma la Chinsali, pa 28 Epulo 1924. Makolo ake onse anachokera ku Nyasaland. Atate ake, a David Kaunda, anatumidwa kuchokera ku Livingstonia kukalalikira ndi kuphunzitsa pakati pa Abemba, ndipo anamwalira mwanayo ali ndi zaka 8. Iye anali wachisanu ndi chitatu kubadwa, n'chifukwa chake anamutcha Buchizya, kutanthauza wosayembekezeka. Anaphunzira ku Munali kuno ku Lusaka, n'kukhala mphunzitsi ngati ine. Anakwatira amayi Betty Banda mu 1946. Mu 1958 anasiyana ndi a Harry Nkumbula n'kuyambitsa chipani cha ZANC, chipanicho chinaletsedwa chaka chotsatira, iye n'kulowa m'ndende. Atatuluka mu Januwale 1960 ndi pamene anatenga utsogoleri wa chipani cha UNIP ndi kulowa m'nyumba imene mwapitayo. Mumuuzenso mdzukuluyo chifukwa chake sankadya nyama: m'masiku a atsamunda munthu wakuda ankagula nyama pa kazenera ka kumbali kwa butchala, pakhomo pankalowa azungu okha. Iye anaikana nyama yotere, ndipo sanabwererenso.

Tsopano kumene ine ndimaima ndi apa. Pa 24 Okutobala 1964, tsiku la ufulu, dziko lonse linali ndi anthu akuda pafupifupi 100 okha omaliza yunivesite. Mu 1966 yunivesite ya UNZA inatsegulidwa. Masukulu a sekondale anamangidwa m'maboma mmene kale munalibe. Ine ndine mwana wa mlimi wa ku Chadiza, nsapato ndinayamba kuvala ndili mu Fomu 1. Mabuku, makope, chakudya cha ku boding'i, atate sanagulitse ng'ombe ngakhale imodzi. Nditamaliza maphunziro a uphunzitsi ananditumiza ku Luapula, dala, kuti wa kum'mawa akakhale pakati pa anthu a chilankhulo china. Ndinapita ndikudandaula, ndinabwerako ndi mkazi. Ana anga amayankhula Chinyanja ndi Chibemba, ndipo ndikamva "One Zambia, One Nation" ine ndimaona nyumba yanga.

Za njalazo musabise, koma mufotokoze gwero lake. Dziko linkadalira mkuwa wokha. Mafuta anakwera mu 1973, chaka chomwecho Ian Smith, mtsogoleri wa boma la azungu la Rhodesia, anatseka malire a kum'mwera kumene katundu wathu ankadutsa, kenaka mu 1975 mkuwa unagwa mtengo. Njanji ya TAZARA, makilomita 1,860 kuchokera ku Kapiri Mposhi mpaka ku Dar es Salaam, inamangidwa ndi thandizo la China kuti tipume. Cholakwa cha a Kaunda chinali kuika makampani ochuluka m'manja mwa boma kuyambira 1968, kukongola ndalama poyembekeza kuti mkuwa udzuka, ndi kuchedwa kumva kulira kwa anthu ngati inu. Zimenezo ndi zoona, ndipo ine amene anandiphunzitsa ulere ndikuzinena.

Dalaivala wa mathiraki:

Amama, ine ndinabadwa mu 1989, mizere ndimangoimva kwa amayi. Chimene ndingathandize ndi maulemu, chifukwa ndimawaona ndi maso pa ulendo. Ku Harare kuli Kenneth Kaunda Avenue pakati pa tauni. Ku Maputo kuli Avenida Kenneth Kaunda. Ku South Africa boma lathunthu la m'chigawo cha North West, kumene kuli Klerksdorp ndi Potchefstroom, limatchedwa Dr Kenneth Kaunda. Dziko lomwelo linawapatsa mendulo ya golide ya Order of the Companions of O.R. Tambo mu 2002. India inawapatsa mphoto ya Jawaharlal Nehru. Kuno kwathu bwalo la ndege linatenga dzina lawo mu 2011, a Sata atangolowa, ndipo holide ya pa 28 Epulo inalengezedwa ndi a Lungu mu 2021.

Koma ulemu umene sindiiwala ndi uwu. Tsiku lina thiraki inandifera usiku pafupi ndi Polokwane. Mdala wina wolondera pamalo oimika magalimoto anaona nambala ya Zambia, anabwera ndi tiyi m'fulasiki. Anandipatsa moni m'Chinyanja chothyokathyoka, akuti anakhala ku Lilanda zaka zambiri pa nthawi yothawa tsankho. Anakhala nane mpaka kunja kunacha, ndalama anakana. Anati tiyi ameneyu analipira kale ndi a Kaunda. Mwanayo alembe kuti likulu la ANC, chipani cholimbana ndi tsankho ku South Africa, linali kuno ku Lusaka, mtsogoleri wake a Oliver Tambo ankakhala kuno, ndipo a Mandela atatuluka m'ndende mu Febuluwale 1990 anafika ku Lusaka mwezi womwewo usanathe.

Wa ku Mtendere:

Pepani akuluakulu, ine ndisiyana nanu pang'ono. Aphunzitsi mwalankhula bwino za sukulu ndi mkuwa, koma mwalumpha chinthu chachikulu. Kuyambira Disembala 1972 dziko lino linali la chipani chimodzi. A Simon Kapwepwe, mnzawo wa kuubwana wa ku Chinsali komweko, amene anali wachiwiri wawo, atayambitsa chipani cha UPP anatsekeredwa popanda mlandu mu Febuluwale 1972 pamodzi ndi anthu ena oposa 100. Lamulo lololeza kutsekera munthu osamuzenga mlandu linakhalapo zaka zonse 27 za ulamuliro wawo. Pa chisankho cha pulezidenti panalibe wopikisana naye, unkasankha inde kapena ayi, ndipo ine ndikukumbukira chithunzi cha chule kumbali ya ayi. Tinkaimba kuti wamuyayaya. M'basi munthu ukafuna kudandaula za boma unkayamba wayang'ana kumbuyo. Zimenezi sizinabwere ndi mtengo wa mkuwa, zinali zofuna zawo.

Ndipo tiyi wa mdala uja, mwana wanga dalaivala, sanalipire a Kaunda okha. Ndege za Smith zinaphulitsa msasa wa anthu a ku Zimbabwe ku Chikumbi mu Okutobala 1978, ife tikumva kugunda kwake kuno m'tauni. Mu Epulo 1979 asilikali ake analowa mu Lusaka usiku kudzaphwanya nyumba ya a Joshua Nkomo, mtsogoleri wa omenyera ufulu wa Zimbabwe. Milatho inagwetsedwa. Amene ankagona ndi mantha ndi kuima pamizere ndi amayi ngati amene afunsawa. Ngati pali mendulo, theka lake ndi lawo.

Komabe chilungamo ndinene. Atagonja mu 1991, MMD ya a Chiluba itatenga mipando ya ku nyumba ya malamulo 125 mwa 150, anavomera pa wailesi n'kutuluka mu State House mwamtendere, chinthu chimene atsogoleri ambiri a nthawi imeneyo sankachita. Ndipo zimene tinawachita pambuyo pake zinandichititsa manyazi ngakhale ine amene sindinawakonde. Mu 1996 malamulo anasinthidwa kuti munthu amene makolo ake anabadwira kunja asaime, aliyense akudziwa kuti akunena yani. Mu Ogasiti 1997 anawomberedwa ku Kabwe. Pa Khirisimasi ya chaka chomwecho anamangidwa n'kupita nawo ku ndende ya Mukobeko, nkhalamba ya zaka 73. Mu 1999 khothi la ku Ndola linagamula kuti si nzika ya Zambia, mpaka khothi lalikulu linasintha chigamulocho. Chaka chomwecho mwana wawo Wezi anaphedwa ndi mfuti pageti la nyumba yake ku Kabulonga. Ambiri a ife a kum'mawa tili ndi ambuya athu amene anabadwira ku Mchinji kapena ku Angonia, ndiye nkhani ya unzika ija inatilasa tonse. Mwanayo akalemba za bwalo la ndege, alembenso kuti ulemuwo unabwera pambuyo pa zonsezi.

Namwino, Chawama:

Ambuya, musaiwale chimodzi. Mwana wa a Kaunda, Masuzyo, anamwalira mu Disembala 1986, ndipo mu 1987 a Kaunda ananena poyera kuti anafa ndi Edzi. Masiku amenewo mabanja ankabisa, ankati wamulodza kapena ndi chifuwa chabe. Ine ndinayamba ntchito pamene mawodi anali odzaza mpaka pansi, ndipo pouza makolo zoona ndinkatchula a Kaunda kuti mitima yawo itsike. Atakalamba ankayendabe ndi gitala yawo kulimbikitsa anthu kukayezetsa magazi. Mdzukulu wanu ndi wamkulu mokwanira kumva zimenezi.

Ambuya a ku Chilenje anayankha:

Zikomo nonse, ndawerenga kawiri. Aphunzitsi, za Buchizya sindinkazidziwa. A ku Mtendere, mawu anu oti theka la mendulo ndi lathu andikhudza, chifukwa ine ndinkaona ngati kutopa kwanga kwa 1990 kunali kusayamika.

Dzulo madzulo magetsi atapita ndinamukhazika pamphasa, ndinamuuza kuti galimoto ija tinatentha ndife, ndi chifukwa chake. Ndinamuuza za chitini chosunga malo pamzere, za atate anga amene anandikwiyira, ndi za maliro a masiku 21 m'nyengo yozizira ija ya korona, pamene thupi linazungulira zigawo zonse mpaka ku Chipata, ife tikuonera pa TV titavala zotchinga pakamwa. Anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anandifunsa ngati ndikanavotanso chimodzimodzi. Ndinati inde mwana wanga, ndikanavotanso chimodzimodzi, ndipo ndikanaliranso chimodzimodzi. Anazilemba m'kope mwake momwemo.

Lachisanu ndikamaliza madiresi a ukwati amene ndili nawo, tikwera basi kupita ku Embassy Park, pa Independence Avenue moyang'anana ndi Cabinet Office, kumene a Kaunda anaikidwa pa 7 Julayi 2021. Ndikudziwa kuti ena a m'banja ankafuna kuti agone pafupi ndi amayi Betty, amene anamwalira mu 2012, koma khothi linakana. Mwanayo wamva kale kuti a Chiluba nawonso ali m'bwalo lomwelo pamodzi ndi a Mwanawasa, a Sata ndi a Rupiah Banda, ndipo akuti akufuna akayese ndi mapazi kutalika kwa pakati pa manda a a Kaunda ndi a a Chiluba. A dalaivala, ngati muli ndi chithunzi cha chikwangwani cha msewu wa ku Maputo uja, nditumizireni kuti tikachisindikize, akufuna kuchimata patsamba loyamba.