Msonkhano wa okonda Doctor Who ku London ndi ulendo wa ku Cardiff: masiku anayi akwana?

NaBanda_Leeds

Moni nonse. Mu Julaye muno ine ndi mwana wanga wa zaka 14 tikufuna kupita ku London Film and Comic Con ku Olympia tsiku Loweruka, kenako titsikire ku Cardiff kukaona malo amene amajambulirako sewero la pa TV la Doctor Who. Tili ndi masiku anayi, Loweruka mpaka Lachiwiri, ndipo galimoto tilibe. Mwanayu akufuna siginecha imodzi kapena ziwiri, chithunzi ndi mmodzi mwa amene anasewerapo ngati Doctor, komanso kukaponda pa gombe lija amalitcha Bad Wolf Bay. Matikiti tiyambe kugula ati? Nanga ku Wales tiyende bwanji pa sitima ndi basi kuti tisataye tsiku pachabe?

Kamtedza

Mayi NaBanda, ndiyankhe za msonkhanowo, za ku Wales anzanga akuthandizani.

Tikiti yolowera pakhomo imangokulowetsani mu holo basi. Siginecha ndi chithunzi mumalipira padera, chilichonse pachokha. Wosewera amene anangooneka m'magawo ochepa angalipiritse cha m'ma £20, koma amene anakhalapo Doctor m'zaka zaposachedwa amatha kufika pafupi ndi £100 pa siginecha imodzi, chithunzi naso mtengo wake wina. Mitengo imalembedwa pa webusaiti ya okonza msonkhano pansi pa dzina la mlendo aliyense, pamodzi ndi masiku amene adzakhalepo. Masikuwo muwaonetsetse. Alendo otchuka ambiri amabwera tsiku limodzi lokha, ndiye mukagula tikiti ya Loweruka pomwe munthu wanuyo ndi wa Lamlungu, ndalama zalowa m'madzi.

Tikiti ya chithunzi gulani pa intaneti msanga, chifukwa imakhala ndi nambala ya gulu, ndipo amaitana magulu motsatana. Ndandanda ya nthawi imatuluka kutangotsala masiku ochepa. Ngati mwagula zithunzi ziwiri ndipo nthawi zake zagundana, pitani kwa woyang'anira mzere mphindi 15 isanakwane nthawi, muonetseni matikiti onse awiri, kawirikawiri amakulowetsani kutsogolo. Kujambulako ndi kwa masekondi 10 kapena kuchepera. Mumasiya chikwama patebulo, mumalowa, mumayang'ana kamera, mwatuluka. Mwanayo ngati akufuna kuima mwamtundu wina, anene ndi mawu awiri atatu akungolowa. Wovala magalasi aweramitse mutu pang'ono kuti kuwala kwa kamera kusabise maso. Chithunzi chimasindikizidwa pompo, ndipo muchiyang'ane musanachoke pamalopo: ngati wina waphethira, nthawi yopempha kubwereza ndi yomweyo, mlendo asanabwerere patebulo lake.

Siginecha ya mlendo wotchuka ili ndi kachitidwe kake kamene kamasokoneza ongoyamba. Simuima pamzere tsiku lonse. Mumatenga kapepala kokhala ndi nambala pafupi ndi tebulo lake, ndipo pa bolodi amalemba manambala amene afikapo. Timapepalati amagawa zitseko zikangotsegulidwa. Mukafika masana mudzalandira nambala ya m'ma 400, ndipo mlendo amene akuchoka patebulo kawirikawiri kukajambulitsa ndi kukayankhula pasiteji sangafike kumeneko. Choncho fikani pakhomo ola limodzi asanatsegule, mukalowa osacheukira ogulitsa zidole, lunjikani kukatenga kapepala kaye.

Tengani ndalama zapamanja, matebulo ena salandira khadi ndipo makina otapira ndalama amakhala ndi mizere. Tengani chikwama cholimba chapulasitiki chokwana chithunzi cha mainchesi 8 kwa 10. Inki yasiliva kapena yagolide, imene amalembera pa chithunzi chakuda, imachedwa kuuma. Igwireni panja mphindi ziwiri kapena zitatu, mukaitsekera msanga imamatira ku pulasitiki n'kufufutika.

Alendo amasintha maganizo, makamaka amene akujambula filimu kwina. Zikatero amakubwezerani za chithunzi, koma za pakhomo ayi. Werengani malamulo a matikiti musanalipire hotelo.

Ngati mwanayo avale ngati wa mu seweroli, sonic screwdriver (kachida kam'manja ka Doctor) yapulasitiki ilibe vuto. Chilichonse chachitsulo chakuthwa kapena chofanana kwambiri ndi mfuti yeniyeni chimakanidwa pakhomo, ndipo m'sitima chingakuitanireni apolisi. Madzulo mukatuluka, yendani wapansi mpaka pa siteshoni ya Earl's Court. Panja pake pali bokosi labuluu la apolisi lofanana ndi TARDIS (chombo chimene Doctor amayendera), limene linaikidwa mu 1996. Ndi laulere ndipo mzere palibe.

Wapanjanji

A Kamtedza afotokoza bwino. Ine ndiyambe ndi kukuchotserani chiyembekezo chimodzi. Nyumba yachionetsero ya Doctor Who Experience ya ku Cardiff Bay inatsekedwa mu Seputembala 2017, ngakhale masamba akale a pa intaneti akuionetsabe. Masitudiyo a Roath Lock ndi Wolf Studios Wales ndi malo antchito, mukapita mudzangoona mpanda ndi mlonda. Chimene mukaone ku Cardiff ndi mzinda weniweniwo, umene kuyambira 2005, pamene BBC Wales inadzutsa seweroli, wakhala ukusanduka London, Paris ngakhale maiko a kuthambo.

Sitima yochoka ku London Paddington imafika ku Cardiff Central pafupifupi maola awiri. Basi yochokera ku Victoria imatenga maola atatu ndi theka kapena kupitirira koma ndi yotsika mtengo. Lamlungu ndi tsiku limene amakonda kukonza njanji, ndiye onani ngati sitima yanu sakuizungulitsa kapena kukutsitsani kuti mukwere basi. Onaninso ngati ku Principality Stadium kulibe masewero kapena oimba sabata imeneyo. Bwaloli lili pakati penipeni pa tauni ndipo limalowa anthu oposa 70,000, moti mahotelo amadzaza, mitengo n'kukwera.

National Museum Cardiff imatseka Lolemba. Ichi ndiye chimene chimaononga mapulani a anthu ambiri ochokera ku msonkhano wa kumapeto a sabata. Kulowa ndi kwaulere. Holo yake yaikulu ndi masitepe ake zinaoneka m'magawo ambiri, ndipo mu "Vincent and the Doctor" ya 2010 inakhala myuziyamu ya Musée d'Orsay ya ku Paris. Mwanayo mumuonetse kuti m'nyumbamo muli chojambula chenicheni cha Van Gogh cha 1890, choonetsa mvula ku Auvers. Mukatuluka, pomwepo mu Cathays Park pali nyumba yaikulu ya Cardiff University, imene inali yunivesite yomwe Doctor wa Peter Capaldi ankaphunzitsako mu 2017, ndi Temple of Peace ya mu "The End of the World". Temple imachititsa maukwati ndi misonkhano, choncho musayembekezere kulowa mkati popanda kupempha. Kutsika ku St Mary Street mupeza nyumba ya Howells, sitolo imene Rose, mnzake wa Doctor, ankagwirako ntchito mu gawo loyamba la 2005. Sitoloyo inatsekedwa, koma khoma lakumaso ndi lomwelo.

Ku Cardiff Bay mungakwere sitima pa Queen Street, ulendo wa mphindi zosakwana 5, kapena kuyenda wapansi theka la ola. Pa bwalo la Roald Dahl Plass ndi pamene TARDIS inaima mu "Boom Town", ndipo nsanja yachitsulo yoyenderera madzi, yotalika mamita 21, ndiyo inali pamwamba pa likulu la Torchwood, gulu lachinsinsi la mu seweroli. Wales Millennium Centre pambalipo inakhala chipatala mu "New Earth". Vuto la Julaye ndi lakuti bwaloli limakhala ndi zochitika za chilimwe, matenti ndi ogulitsa zakudya, moti malo amene mukufuna kujambula amatha kubisika. Mamawa cha m'ma 8 koloko kumakhalako bwino.

Ine ndikanagawa chonchi: Lamlungu kukwera sitima ya m'mawa, masana myuziyamu ndi Cathays Park, madzulo ku Bay popeza dzuwa limalowa itadutsa 9 koloko. Lolemba ku gombe. Lachiwiri Caerphilly Castle, mphindi 20 pa sitima, imene pamodzi ndi Cardiff Castle inagwiritsidwa ntchito mu "Heaven Sent", ndipo nthawi ikatsala Llandaff, kumene bwalo la pafupi ndi tchalitchi chachikulu linali mudzi wa Leadworth mu "The Eleventh Hour".

Mlonda_wa_Gombe

Achimwene a Wapanjanji, ndikugwirizana nanu zonse kupatula kukhomerera gombe pa Lolemba. Tsiku la gombe silisankhidwa ndi kalendala, limasankhidwa ndi madzi, ndipo masiku ena onse ndiwo ayenera kusuntha.

Bad Wolf Bay dzina lake lenileni ndi Dunraven Bay, pansi pa mudzi wa Southerndown ku Vale of Glamorgan. Mu seweroli amati ndi ku Norway. Anajambulirapo kutsanzikana kwa Doctor ndi Rose mu "Doomsday" ya 2006, n'kubwererako mu "Journey's End" ya 2008. Mchenga wautali wonyezimira umene mumauona pa TV umaoneka madzi akaphwa okha. Si ngati ku Senga Bay kumene gombe la m'mawa ndi lomwelo la madzulo. Bristol Channel, nyanja imene gombeli lili, ili m'gulu la malo amene nyanja imakwera ndi kutsika kwambiri padziko lonse, ndipo kumtunda kwake kusiyana kumatha kupitirira mamita 12. Madzi akadzaza ku Dunraven mchenga wonse umamira, pamatsala miyala yobulungira ndi thanthwe. Munthu amene wakwera sitima ndi basi n'kufika nthawi yolakwika amabwerera asanaone chimene anadzera.

Fufuzani ndandanda ya madzi ya Porthcawl, ndilo doko lapafupi. Mukufuna nthawi imene madzi atsika kotheratu, ndipo nthawi yabwino ndi maola awiri isanakwane mpaka ola limodzi itadutsa. Madzi amaphwa kawiri patsiku ndipo nthawi yake imachedwerako pafupifupi mphindi 50 tsiku lililonse, ndiye Lamlungu, Lolemba ndi Lachiwiri sizifanana. Ndandanda zina zimalembedwa mu GMT, pomwe mu Julaye mawotchi a ku Britain amakhala ola limodzi patsogolo. Werengani pansi pa tebulo kuti mudziwe ngati muyenera kuwonjezera ola. M'derali, masiku oyandikana ndi mwezi watsopano kapena wathunthu madzi amaphwa kwambiri cha m'masana, ndipo kwa woyenda pa basi ameneyo ndiye mwayi. Masiku a pakati, kuphwa kumagwera m'mamawa ndi madzulo, mchenga wake n'kukhala wochepa.

Kayendedwe: sitima ya Cardiff Central kupita ku Bridgend, mphindi 20 kapena 25, kenako basi nambala 303 yodutsa ku Ogmore-by-Sea. Tsikani ku Southerndown, mutsetsereke ndi msewu mpaka kugombe, mphindi 15. Basi imeneyi siidutsa pafupipafupi ndipo Lamlungu imachepa kwambiri, choncho lembani nthawi yobwerera musanatsike. Foni imavuta kugwira pansipo.

Matanthwe a kumeneko amagumuka. Musakhale pansi pake kuti mupeze mthunzi, ndipo musazungulire kuseri kwa phiri lolowa m'nyanjalo madzi akuyamba kubwerera, chifukwa amadzaza mothamanga n'kutseka njira kumbuyo kwanu. Valani nsapato zogwira, miyala yobiriwira ndi ndere imaterera. Pakachitika ngozi imbani 999 mupemphe Coastguard, opulumutsa anthu panyanja.

NaBanda_Leeds

Zikomo kwambiri nonse, za madzizi sindikanaziganizira. Funso lina: tingadziwe bwanji malo enieni amene kamera inaima? Ndipo poona mitengo ya siginechayi, kodi palibe msonkhano wocheperako?

Kamtedza

Ilipo, mayi, ndipo kwa munthu amene amakonda Doctor Who yekha ndimaona kuti ndiyo yabwino. Ku Derby kumachitika Whooverville, wa tsiku limodzi, ndipo Doctor Who Appreciation Society, imene inayamba mu 1976, imachititsanso misonkhano yake. Anthu amakhala mazana ochepa, mumakhala pansi kumvera osewera, olemba ndi otsogolera akufotokoza mmene ankagwirira ntchito, ndipo mwana amatha kukweza dzanja n'kufunsa funso. Alendo ake kawirikawiri amakhala a magawo akale a 1963 mpaka 1989 ndi anzawo a Doctor. Ngati mtima wa mwanayo uli pa David Tennant kapena Jodie Whittaker, amene anakhalapo Doctor m'zaka zaposachedwa, khalanibe ndi msonkhano waukulu. Matikiti a misonkhano ing'onoing'ono amatha miyezi ingapo tsiku lisanafike.

Za malo a kamera, webusaiti ya doctorwholocations.net imandandalika malo gawo ndi gawo. Musanachoke kunyumba, imitsani gawolo pa malo atatu kapena anayi, mujambule sikirini, musunge mufoni kuti musadalire intaneti. Mukafika, musayang'ane zitseko, zikwangwani kapena utoto, zimenezo okonza seti anasintha ndipo eni nyumba anasinthanso. Yang'anani zosasuntha: mzere wa denga, chiwerengero cha mawindo, ngodya ya masitepe, mizere ya thanthwe kumbuyo kwa osewera. Ku Dunraven mizere yopingasa ya mwala ndiyo ikuuzeni mbali imene kamera inayang'ana. Malo ambiri adzaoneka aang'ono kuposa pa TV chifukwa cha magalasi a kamera amene amatambasula chithunzi. Ikani kamera ya foni pa 0.5, mutsike mpaka m'chiuno, chithunzi chidzayandikira cha mu sewero.

Malo ena amene mudzawapeze pa mndandanda ndi nyumba za anthu, monga mafulati a ku London amene anali kwawo kwa Rose ndi nyumba zingapo za m'misewu ya Cardiff ndi Newport. Jambulani muli pamsewu, musalowe pageti, musaloze kamera pawindo, ndipo musajambule ana a eni ake. Ku Llandaff kumbukiraninso kuti tchalitchicho chimagwira ntchito. Mukapeza mwambo wa maliro kapena ukwati, dikirani uthe, kapena pitani kaye ku myuziyamu ya St Fagans, kumene anajambulira mbali ya "Human Nature" ya 2007. Kulowa kumeneko ndi kwaulere ndipo amatsegula ngakhale Lolemba.