Thandizeni: kathirakitala kotchetchera kapinga kakukana kulira

Abale anga kuno ku Joni, odziwa zamagetsi ndithandizeni. Abwana omwe ndimawasamalira pa yadi ku Randburg andipatsa kathirakitala kakale ka injini ya Briggs & Stratton. Batire ndi latsopano, pa mita likuonetsa 12.6 volts, koma ndikapotokola kiyi solenoid (switch yopititsa magetsi a batire ku sitata) imangoti "thi", sitata osazungulira. Fyuzi ili bwino, ngakhale mawaya ena makoswe adatafuna. Poti solenoid ikumveka, switch yachitetezo ya pansi pa mpando sindikuikayikira, koma waya wa earth (wolumikiza batire ku chitsulo cha kathirakitala) wachita dzimbiri. Mnzanga akuti ndigunditse sikuludiraiva pa solenoid kuti magetsi adutse kupita ku sitata. Ine ndikuopa, thanki ya petulo ili pafupi ndipo mipeni ingazungulire. Ndiyeze chiyani choyamba? Nanga solenoid yakaunjika ingapezeke ku Booysens?