Moyo wodula kwambiri ndi kuti, Lilongwe kapena Blantyre?

Abale, thandizeni kuwerengera banja la anthu asanu lomwe likusamuka ku Blantyre kupita ku Lilongwe, malipiro osasintha. Magetsi ndawachotsapo, mayunitsi a ESCOM mtengo wake ndi umodzi konsekonse. Povuta ndi pa nyumba ndi thiransipoti. Nyumba ya zipinda ziwiri ya mita yakeyake ya madzi ku Area 25 kapena 49 ikupita pa zingati poyerekeza ndi Chilomoni kapena Machinjiri? Alandilodi akufuna miyezi ingati yolipiriratu? Lendi yotsika imapusitsa: ku Lilongwe madera ndi otalikirana, munthu akhoza kukwera minibasi ziwiri kuti akafike ku City Centre.

Tchulaninso mtengo wa thumba la makala ndi la chimanga la makilogalamu 50, ndi mwezi umene munagula, poti mtengo wa nthawi yokolola ndi wa mu Januwale sufanana.