Dzanja limauma ndikachita mantha pa kiyibodi, kodi n'zogwirizana?

Wakiyibodi_Area25:
Abale, ndithandizeni maganizo. Ndimaimba kiyibodi m'bandi ya maukwati, komanso Lamulungu kutchalitchi kwathu ku Area 25. Kuyambira mu Ogasiti, maukwati atachuluka, dzanja lamanja likundivuta. Pamfundo yake pamawawa, ndipo usiku chala chachikulu, chamkombaphala ndi chapakati zimachita dzanzi mpaka ndimadzuka n'kumakutumula dzanjalo.

Chikundizunguza mutu n'chakuti kunyumba ndimaimba maola awiri osamva kanthu. Koma paukwati, makamaka nthawi ya perekaniperekani pamene timazungulira nyimbo imodzi mphindi 40 osapuma, ndikangophonya pang'ono mkulu wa bandi n'kundiponyera diso lija, mapewa amakwera okha, ndimakukuta mano, dzanja n'kuuma ngati chikuni. Lachisanu usiku tulo sitibwera, ndimangobwereza nyimbo m'mutu. Amayi akuti mwina wina wa m'bandimo akundichitira nsanje. Ine ndikuona ngati akundipweteka ndi mantha anga omwewa. Zimachitika zimenezi?

Mdala_wa_Gitala:
Achimwene, zimachitika ndithu. Ine ndikakhala ndi nkhawa ndinkakanikiza nsambo za gitala ngati ndikufuna kuthyola khosi lake, chonsecho mawu amamveka bwinobwino ndi mphamvu yochepa. Yesani lero: imbani nyimbo imodzi mwapang'onopang'ono, mukuchepetsa mphamvu mpaka mawu atsale pang'ono kuzima. Mudabwa mphamvu imene mumataya.

Koma chimene chinandigwetsa kwenikweni ndi kubisa. M'bandi mulibe tchuthi cha odwala; ukajomba Loweruka limodzi, linalo upeza wina ali pampando wako. Ndiye ndinkangomwa mankhwala opha ululu n'kukwera pasiteji, mpaka ndinakhala miyezi itatu osagwira gitala, lendi ikundidikirira ku Kawale. Musachite ngati ine.

Wamafizo_LL:
Ndimagwira ntchito ya mafizo. Sindingakuyezeni pano, koma dzanzi la zala zitatu zimenezo, lobwera usiku, nthawi zambiri limaloza ku vuto lotchedwa carpal tunnel: mtsempha waukulu wopita kuzalazo umapanikizika pakanjira kopapatiza ka pamfundo ya dzanja.

Pa za manthazo simukulakwitsa. Munthu akaopa, thupi limatulutsa timadzi totchedwa adrenaline, mtima umathamanga, mpweya umakhala wapamwambamwamba, ndipo minofu yopinda zala ndi yoziwongola imakungika nthawi imodzi, ngati njinga imene ukupalasa utagwira mabuleki. Onjezerani kusagona ndi kuyeserera nyimbo mopitirira chifukwa choopa kulakwitsa, thupi limasowa nthawi yodzikonza. Nkhawa imachititsanso kuti ululu womwewo umveke kwambiri.

Ku Hannover ku Germany, dokotala Eckart Altenmüller wakhala akufufuza matenda ena a oimba otchedwa focal dystonia, pamene zala zimangodzipinda zokha munthu akamaimba chida chake. Matendawa amagwira pafupifupi woimba mmodzi pa 100 alionse amene kuimba ndi ntchito yawo, ndipo anapeza kuti ambiri mwa iwo ndi anthu ankhawa, osafuna kuphonya ngakhale kamodzi. Leon Fleisher, katswiri wa piyano wa ku America, dzanja lamanja linamukanika mu 1964 chifukwa cha matendawa, ndipo anatha zaka pafupifupi 30 akuimba ndi lamanzere lokha. Zizindikiro zanu si za matendawa ayi, ndangofuna muone kuti maganizo ndi dzanja zimayendera limodzi.

Pitani kuchipatala chaching'ono cha kwanuko akakulembereni kalata yopita ku Kamuzu Central, kuli a mafizo. Pakadali pano konzani sitandi ya kiyibodi kuti dzanja likhale lowongoka, lisapindikire m'mwamba, ndipo musaligonere usiku. Mnofu wa patsinde pa chala chachikulu ukayamba kuphwa, kapena zinthu zikamakupulumukani m'manja, musadikirenso.

Mayi_wa_Kwaya_Biwi:
Ife a kwaya zimatigwira pakhosi. Tsiku la mpikisano khosi limamangika, umakakamiza mawu, mawa lake wasasa. Koma mwana wanga, ndikukana pang'ono kuti vuto ndi mantha ako okha. Amene akukuopsezayo bwanji? Mphindi 40 osapuma, kuwonjezera diso loopsa, ndani sangaume? Ukhale nawo pansi mkuluyo pawiri, osati pamaso pa anzako. Ndipo amayi ako usawakalipire, ndi chikondi chimenecho. Uwatenge popita kuchipatala akamve okha.

Wakiyibodi_Area25:
Zikomo nonse. Mdala, ndayesa zija madzulo ano, ndachita manyazi ndi mmene ndimamenyera kiyibodi. Sitandi ndaikonza, inalidi yolakwika. Amayi a ku Biwi, ndawaimbira mkuluyo mtima ukugunda, ndipo avomera kuti Loweruka lino pa perekaniperekani tizisinthana ndi mnyamata amene ndimamuphunzitsa. Kuchipatala ndipita Lolemba m'mawa, amayi avomera kundiperekeza.