Ka alamu ka lamba kakundisowetsa mtendere

Funso: Anzanga thandizeni. Galimoto yanga ya ex-Japan ikungolira ti-ti-ti ngakhale ndamanga lamba, makamaka ndikaika thumba la ufa pampando wakutsogolo. Pali njira yozimitsira kaphokoso kameneka? Mutu ukuchita kuwawa.

Yankho 1: Akulu, mu mpando wa pasenjala muli sensa yomva kulemera, ndiye thumba lanulo ikuliyesa munthu. Ikani ufawo kubuti basi, apo ayi mulimangirire lamba thumbalo kkkk.

Yankho 2: Yanga inkatero chifukwa cha nyenyeswa za mandasi ndi fumbi zomwe zinalowa mokolekera lamba muja, kaswitchi kamkati sikamadinika bwino. Makanika anangopoperamo mpweya, zinatheka osadula waya.

Yankho 3: Chonde musakhudze mawaya achikasu apansi pa mpando, amenewo ndi a airbag, chithumba chija chimafufuma kukuteteza pangozi. Ndipo aja amagula kachitsulo kolowetsa m'malo mwa lamba ndimawadabwa, ukawombana ndi galimoto ina ukuthamanga pa 80 airbag payokha siikugwira, umakamenyetsa chipumi pagalasi, komanso a traffic pa roadblock alibe nayo ntchito alamu, amayang'ana lamba pachifuwa.

Wofunsa: Ufa wapita kubuti achimwene, kwangoti zii.